Kasankhidwe ndi Kaikidwe ka Jenereta m'Boti Lokasangalalira Panyanja

Mawu oyamba

Chidziwitso ichi chikupita kwa eni maboti a injini okasangalalira panyanja, kwa eni malo ogona alendo amene amayendetsa alendo awo pamadzi, kwa amalonda amene amaitanitsa ndi kugulitsa majenereta, komanso kwa aliyense amene amakwera mabotiwa. Zambiri zimene zalembedwa pano zikukhudzanso maboti a malonda amene amanyamula filiji yosungiramo nsomba kapena nyale zamagetsi.

M'magombe a Mangochi, Cape Maclear, Senga Bay, Nkhata Bay ndi Likoma, mwini boti amafuna kuti filiji izizizira, nyale ziziyaka ndiponso mafoni azitchajidwa ngakhale injini yaikulu itazimitsidwa. Jenereta imakwaniritsa zimenezi. Komabe jenereta imene imagwira ntchito bwinobwino kuseri kwa sitolo ingathe kupha anthu ikaikidwa m'boti. Pamtunda utsi umapita ndi mphepo, ndipo petulo wotayika amalowa m'nthaka kapena kuuma ndi dzuwa. Boti lili ngati beseni: chimene chatayikiramo chimakhala momwemo, ndipo kunja kwake kuli madzi amene anthu amasambiramo. Pa chifukwa ichi, jenereta ya m'boti sisankhidwa poyang'ana mtengo ndi mphamvu zokha. Imasankhidwa ndi kuikidwa poganizira ngozi zitatu zimene sizioneka ndi maso.

Ngozi zitatu

Ngozi yoyamba ndi mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, umene umatuluka mu utsi wa injini iliyonse. Ndi mpweya womwewo umene umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Ulibe mtundu, ulibe fungo, ndipo suyabwa pakhosi. Akulu anati tsoka silinunkha, ndipo mpweyawu ndi wotero. Ukalowa m'mapapo umagwirana ndi magazi mwamphamvu yoposa ka 200 poyerekeza ndi mpweya wabwino wa okosijeni, motero ubongo ndi mtima zimasowa mpweya ngakhale munthu akupuma. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru, kufooka ndi kusokonezeka maganizo. Vuto n'lakuti panyanja zizindikiro zimenezi zimafanana ndi za munthu amene wazunguzika ndi mafunde, amene waledzera, kapena amene akuyamba malungo, choncho anzake amamuuza kuti akagone m'chipinda, momwe muli poizoniyo. Injini ya petulo imatulutsa mpweyawu wochuluka kuposa ya dizilo, koma ya dizilo nayonso imautulutsa.

Ngozi ziwiri zimene zinafufuzidwa m'maiko ena zikusonyeza mmene izi zimachitikira. Mu Epulo 2013, pa nyanja ya Windermere ku England, mayi wina ndi mwana wake anafa ali m'tulo m'chipinda cha boti. Bungwe lofufuza ngozi za pamadzi m'dzikolo, la Marine Accident Investigation Branch, linapeza kuti jenereta ya petulo yonyamula pamanja inaikidwa m'chipinda cha injini n'kulumikizidwa ku paipi ya utsi yongopangira pamanja. Paipiyo itatentha inaguluka, utsi unalowa mogona anthu, ndipo ma alamu a m'botimo sanali kugwira ntchito. M'chaka cha 2000, akuluakulu a zaumoyo a dziko la America anafufuza imfa za anthu pa nyanja ya Powell, m'malire a zigawo za Arizona ndi Utah. Iwo anapeza kuti m'maboti ena aakulu ogonamo, utsi wa jenereta unkatulukira pansi pa nsanja ya kumbuyo pamene anthu amatsikira pokasambira. Utsiwo unkaunjikana pansi pa nsanjapo, moti wosambira wolowapo ankakomoka m'kanthawi kochepa n'kumira.

Ngozi yachiwiri ndi nthunzi ya petulo. Nthunziyi ndi yolemera kuposa mpweya, choncho siuluka; imatsikira m'mimba mwa boti, pansi penipeni pamene pamasonkhana madzi, n'kukhala pomwepo. Ikangokwana magawo 2 pa magawo 100 a mpweya wa m'malomo, kuthetheka kamodzi kwa switchi kapena kwa waya wa batire n'kokwanira kuphulitsa boti.

Ngozi yachitatu ndi magetsi othawira m'madzi. Ambiri amaganiza kuti madzi a mchere ndiwo oopsa pa nkhani ya magetsi, koma kwa munthu wosambira oopsa kwambiri ndi madzi opanda mchere. Madzi a mchere amadutsitsa magetsi bwino kuposa thupi la munthu, motero magetsi ambiri amamulambalala. M'madzi onga a Nyanja ya Malawi, Nyanja ya Malombe ndi mtsinje wa Shire, thupi la munthu ndilo njira yapafupi ya magetsi. Magetsi ochepa kwambiri, osakwanira ngakhale kuyatsa babu lalikulu, angathe kuumitsa minofu ya manja ndi miyendo, ndipo munthu wodziwa kusambira amamira popanda kukuwa.

Kodi jenereta ikufunikadi?

Funso ili liyankhidwe ndalama isanatuluke m'thumba. Ngati zofunika m'boti ndi nyale za LED, mafoni, wailesi ndi filiji yaing'ono, mapanelo a sola ndi mabatire okwanira, pamodzi ndi inverter yosandutsa magetsi a batire kukhala onga a m'nyumba, zingathe kugwira ntchito yonseyo popanda utsi, popanda mafuta ndiponso popanda phokoso. Injini yaikulu ya boti nayo imatchaja mabatire pamene ikuyenda. Jenereta imayamba kufunika pamene m'boti muli zipangizo zodya magetsi ambiri kwa maola ambiri, monga makina oziziritsa chipinda, filiji yaikulu yowumitsa nsomba ndi madzi, kapena zophikira zamagetsi. Boti laling'ono lotseguka, lopanda chipinda cha injini, silikhala ndi malo oyenera jenereta, ndipo njira ya sola ndiyo yoliyenera.

Mtundu wa jenereta

Majenereta alipo a mitundu iwiri. Woyamba ndi wonyamula pamanja kapena wa pa fulemu, umene umapezeka m'masitolo ambiri. Umenewu umaziziritsidwa ndi mphepo, utsi wake umatulukira pomwepo, thanki yake ili pamwamba pa injini, ndipo unapangidwira pamtunda, panja. Wachiwiri ndi wopangidwira m'boti. Umenewu umaziziritsidwa ndi madzi a m'nyanja, utsi wake umatulutsidwa kunja kwa boti kudzera m'paipi yotsekeka, ndipo umamangidwa ndi mabauti pamalo amodzi. Mtundu wachiwiri wokhawu ndiwo woyenera kuikidwa mkati mwa boti. Kusiyana kwa mitengo yake n'kwakukulu, koma jenereta ya pamtunda sisanduka ya m'boti chifukwa choiwotcherera paipi.

Pa nkhani ya mafuta, dizilo ndi wotetezeka kuposa petulo, chifukwa satulutsa nthunzi yoyaka pokhapokha atatentha kupitirira madigiri 50, pamene petulo amaitulutsa ngakhale m'mawa wozizira wa mu Juni. Nzeru yabwino ndi yakuti jenereta izigwiritsa ntchito mafuta ofanana ndi a injini yaikulu, kuti m'boti musakhale mafuta a mitundu iwiri. Jenereta iliyonse yoikidwa m'chipinda momwe muli injini kapena thanki ya petulo iyenera kukhala yotetezedwa kuti isathethetse moto. Yotereyi imalembedwa mawu akuti ignition protected, kapena nambala ya muyezo wa ISO 8846.

Magetsi a m'dziko muno ndi a ma volt 230 ndi ma hertz 50, ndipo zipangizo zambiri zogulitsidwa kuno zinapangidwira muyezo umenewo. Amalonda oitanitsa majenereta ogwiritsidwapo kale ntchito achenjere: a ku America nthawi zambiri amatulutsa ma volt 120 pa ma hertz 60, ndipo a ku Japan amatulutsa ma volt 100. A ku South Africa ndi ku Britain amagwirizana ndi muyezo wa kuno, ngakhale kuti masoketi a ku South Africa ndi osiyana ndi athu. Kachitsulo kolembedwapo muyezo, kamene kamamatidwa pa jenereta, kawerengedwe malonda asanachitike.

Majenereta a dizilo a ma hertz 50 amazungulira ka 1,500 kapena ka 3,000 pa mphindi. A ka 1,500 ndi olemera ndi okwera mtengo, koma sasokosa kwambiri ndipo amakhalitsa. A ka 3,000 ndi opepuka ndi aang'ono, oyenera boti limene siligwiritsa ntchito jenereta maola ambiri. Wogula afunsenso ngati masefa a oyilo ndi a mafuta, malamba ndi zina zosinthira zikupezeka m'dziko muno, pakuti makina osowa zosinthira amathera m'manja mwa ongoyesa.

Kuwerengera mphamvu

Chipangizo chilichonse chamagetsi chimalembedwa ma watt amene chimadya. Mwini boti alembe zipangizo zonse zimene zidzayatsidwe nthawi imodzi, aphatikize ma watt ake, kenako awonjezere zinthu ziwiri. Choyamba ndi mphamvu yoyambitsira: chipangizo chokhala ndi mota, monga filiji kapena pampu, chimakoka magetsi ochuluka katatu kapena kuposerapo pa masekondi oyamba. Chachiwiri ndi mpata wopumira, umene ungakhale gawo limodzi mwa magawo anayi a zonsezo.

Mwachitsanzo, tiyerekeze boti lokhala ndi filiji ya ma watt 150, nyale khumi za ma watt 10 iliyonse, mafani awiri a ma watt 50, wailesi ya kanema ndi zokuzira mawu za ma watt 200, ndi tchaja ya mabatire ya ma watt 600. Zonse pamodzi zikukwana ma watt 1,150. Filiji ikamayamba ingakoke ma watt 600, kutanthauza 450 owonjezera, motero chiwerengero chafika pa 1,600. Kuwonjezera mpata wa 400 kukupereka ma watt 2,000, amene ndi 2 kW. Koma pakangobwera ketulo yamagetsi ya ma watt 2,000, mawerengero omwewo akufika pa 4,500. Zipangizo zotenthetsa ndizo zimakulitsa jenereta, ndipo kuzisiya kumtunda kumapulumutsa ndalama zambiri.

Majenereta ena amalembedwa kVA m'malo mwa kW. Ngati pa kachitsulo ka muyezo palembedwa power factor ya 0.8, jenereta ya 5 kVA imapereka 4 kW yokha. Komanso nambala yaikulu yolembedwa pa katoni nthawi zambiri ndi ya mphamvu ya kanthawi kochepa. Yodalirika ndi imene jenereta ingapereke mosalekeza. Nyanja ya Malawi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 474 kuchokera pa nyanja ya mchere, ndipo injini imataya mphamvu pang'ono pamalo okwera ndi pa nyengo yotentha monga ya Okutobala ndi Novembala. Mpata wopumira uja umathandizanso pamenepa.

Kugula yaikulu kwambiri nakonso n'kulakwitsa. Injini ya dizilo yoyenda nthawi yaitali ndi katundu wochepera gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake siwotcha mafuta bwino. Imadzaza mwaye ndipo imatha msanga. Imagwira bwino ntchito ikamanyamula kuyambira theka mpaka magawo atatu mwa anayi a mphamvu zake.

Malo oikapo

Jenereta ya dizilo ya m'boti, ngakhale yaing'ono, ingathe kulemera kuposa makilogalamu 100. Iikidwe pansi, pafupi ndi pakati pa boti, kuti boti lisapendekeke. Imangidwe ndi mabauti opyoza pa maziko olimba a boti, pa timiyendo ta labala tochepetsa kunjenjemera, ndipo pansi pake pakhale thireyi yolandira oyilo wodontha. Kamangidwe kake kayesedwe ndi mafunde a mwera, mphepo ya kummwera chakum'mawa imene imavuta panyanja makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, osati ndi bata la padoko.

Chipinda cha jenereta chikhale ndi polowera ndi potulukira mpweya wochokera kunja, ndipo khoma lochilekanitsa ndi mogona anthu lisakhale ndi kabowo kalikonse kosamatidwa, ngakhale podutsa mawaya ndi mapaipi. Pasiyidwe mpata woti dzanja lifike pa choyezera oyilo, pa masefa ndi pa pampu ya madzi, chifukwa chimene n'chovuta kufikira sichisamalidwa.

Madzi oziziritsa ndi paipi ya utsi

Jenereta ya m'boti imakoka madzi kudzera pa bowo la pansi pa boti. Pa bowolo pamakhala valavu yotsekera, kenako sefa, kenako pampu yokhala ndi kachipangizo ka labala kotchedwa impeller. Madziwo akaziziritsa injini amathiridwa m'paipi ya utsi, n'kutuluka limodzi ndi utsiwo kunja kwa boti. Jenereta ikhale ndi bowo lakelake, losagawana ndi injini yaikulu, ndipo pabowopo pasaikidwe chotungira choyang'ana kutsogolo, pakuti boti likamathamanga chimakankhira madzi mu jenereta yozimitsidwa. Paipi iliyonse ya pansi pa mzere umene madzi amafika m'mbali mwa boti imangidwe ndi zomangira ziwiri za chitsulo chosachita dzimbiri. Sefa ikhale poonekera, chifukwa mchenga wa m'magombe osaya ndi namasupuni wa mu Shire ndi Malombe zimaitseka msanga.

Ngati malo amene madzi amalowera m'paipi ya utsi ali pansi pa mzere wa madzi kapena pafupi nawo, pamafunika chotetezera chotchedwa vented loop. Ichi ndi paipi yokhota yokwezedwa masentimita osachepera 30 pamwamba pa mzerewo, yokhala ndi kavalavu kolowetsa mpweya. Popanda chimenechi, madzi amapitiriza kuyenda okha jenereta itazimitsidwa, monga amachitira petulo wokokedwa m'thanki ndi kapaipi, mpaka kudzaza injini ngakhale kumiza boti.

Paipi ya utsi ikhale yopangidwira ntchito imeneyo, ya kukula kumene wopanga jenereta analemba, yopanda polumikiza pambiri, ndipo isaphatikizidwe ndi ya injini yaikulu. Potulukira pake pakhale pamwamba pa mzere wa madzi ngakhale boti litadzaza anthu, kutali ndi mawindo, ndi polowera mpweya, ndiponso ndi pamene anthu amatsikira m'madzi.

Mafuta

Jenereta itenge mafuta m'thanki kudzera m'paipi yakeyake, yokhala ndi valavu yotsekera pafupi ndi thanki ndi sefa yolekanitsa madzi ndi mafuta. Mapaipi a mafuta a m'chipinda cha injini akhale osapsa msanga, olembedwa muyezo wa ISO 7840. Paipi ya pulasitiki yothirira dimba siloledwa pa ntchito imeneyi. Amisiri ambiri amafupikitsa paipi ya jenereta mkati mwa thanki kuposa ya injini yaikulu, kuti jenereta izizima thanki isanaume ndipo patsale mafuta obwererera kugombe. Chipinda chokhala ndi petulo chikhale ndi fani yosathetheka moto, yokoka mpweya kuchokera pansi penipeni n'kuutayira kunja.

Mawaya ndi chitetezo cha magetsi

Waya wa m'nyumba wa chingwe chimodzi cholimba amathyoka ndi kunjenjemera kwa boti. M'boti mugwiritsidwe ntchito waya wa kopa wa tizingwe tambiri, makamaka wokutidwa ndi tini kuti asachite dzimbiri. Mawaya amangidwe pafupipafupi, adutse pamwamba pa pamene madzi a m'mimba mwa boti angafike, ndipo mawaya a ma volt 230 asasakanizidwe ndi a batire.

Pafupi ndi jenereta pakhale breaker yaikulu yodula mawaya onse awiri onyamula magetsi, komanso chipangizo chotchedwa RCD cha ma milliamp 30, chimene chimazimitsa magetsi m'kuphethira kwa diso akayamba kuthawa. Chipangizochi chimagwira ntchito moyenera pokhapokha waya wa neutral ndi wa earth atalumikizidwa pamalo amodzi okha, pa jenereta penipeni, ndipo zitsulo zonse za zipangizo zitalumikizidwa ku earth ya boti. Boti limene limalandiranso magetsi a ESCOM likakhala padoko likhale ndi changeover switch, kuti magetsi a jenereta ndi a kumtunda asakumane. Waya wokhala ndi mapulagi mbali zonse ziwiri ndi msampha wa imfa, ndipo asapezeke m'boti. Muyezo wa ISO 13297 ukufotokoza kaikidwe ka magetsi m'maboti aang'ono, ndipo mmisiri wogwira ntchitoyi ayenera kuudziwa.

Alamu ndi zozimitsira moto

Popeza mphuno ya munthu singamve carbon monoxide, m'chipinda chilichonse chogonamo kapena chokhalamo anthu muikidwe alamu yozindikira mpweyawu. Yoyenera m'boti imalembedwa muyezo wa EN 50291-2. Alamu ya utsi wa moto ndi chipangizo china, ndipo silowa m'malo mwa imeneyi. Batani loyesera lidinidwe ulendo uliwonse usanayambe, ndipo alamu isinthidwe tsiku lolembedwapo likakwana, pakuti imafooka ndi zaka. Alamu ikalira, asaichotse batire ponena kuti yasokonezeka.

Chozimitsira moto cha ufa chikhale panja pa chipinda cha jenereta, pamene munthu angachifikire osadutsa pamoto. Pakhoma la chipindacho pakhale kabowo kokhala ndi chotsekera, kopoperapo chozimitsiracho popanda kutsegula chitseko, chifukwa kutsegula kumapatsa moto mpweya.

Kwa amene ali ndi jenereta yonyamula pamanja

Malo ake abwino ndi pagombe, pouma, kutali ndi boti ndi mahema, kumbali imene mphepo ikupita. Isalizidwe m'chipinda, m'mimba mwa boti, pansi pa denga la chinsalu, kapena pafupi ndi windo ndi chitseko. Isawonjezeredwe paipi ya utsi, ndipo isaikidwe m'bokosi pofuna kuchepetsa phokoso. Mafuta athiridwe kumtunda, injini itazimitsidwa n'kuzizira. Zigubu za petulo zisungidwe pamwamba pa boti, pamthunzi podutsa mphepo, zitamangidwa, osati m'chipinda. Dziwaninso kuti m'majenereta ambiri a mtundu umenewu waya wa neutral sunalumikizidwe ku earth, motero RCD yoikidwa m'boti mwina singazimitse magetsi pa nthawi ya ngozi. Mmisiri wa magetsi ayese zimenezi jenereta isanalumikizidwe ku mawaya a boti.

Kagwiritsidwe ntchito ndi kasamalidwe

Asanalize jenereta, woyendetsa boti ayang'ane oyilo, atsegule valavu ya madzi, ndipo anunkhize m'mimba mwa boti. M'boti la petulo, fani yokoka mpweya iyende mphindi zosachepera 4 makina aliwonse asanalizidwe. Jenereta ikalira, ayang'ane ngati madzi akutuluka ndi utsi. Ngati sakutuluka, aizimitse nthawi yomweyo. Ikakana kulira, asaikakamize mobwerezabwereza valavu ya madzi ili yotsegula, chifukwa pampu imapitiriza kuthira madzi m'paipi ya utsi mpaka abwerere mu injini.

Pamene jenereta ikulira, munthu aliyense asasambire pafupi ndi boti, ndipo ana asakhale kumbuyo pafupi ndi potulukira utsi. Anthu asagone jenereta ya petulo ikulira. Boti lisaime moyandikana ndi khoma la doko kumbali ya utsi, ndipo litalikirane mamita osachepera 6 ndi boti lina limene injini kapena jenereta yake ikulira, pakuti utsi wa mnansi umalowanso pawindo. Boti likamayenda pang'onopang'ono mphepo ikuchokera kumbuyo, utsi umabwerera pansi pa denga, choncho kutsogolo kutsegulidwe kuti mpweya uzidutsa.

Oyilo ndi masefa zisinthidwe pa maola olembedwa m'buku la wopanga, ndipo maolawo azilembedwa m'kope losungidwa m'boti. Impeller iyang'anidwe chaka chilichonse, ndipo ina yapadera izikhala m'boti. Paipi ya utsi iyenderedwe kawirikawiri: mwaye wakuda polumikizira, mizere ya dzimbiri, ming'alu ndi kudontha kwa madzi ndi zizindikiro zakuti utsi ukuthawira mkati. Batani loyesera RCD lidinidwe mwezi uliwonse. Oyilo wakutha ndi madzi a mafuta a m'mimba mwa boti zitengeredwe kumtunda m'chigubu. Nyanjayi ndiyo imamwetsa ndi kudyetsa midzi ya m'mphepete mwake, ndipo chigawo cha Lake Malawi National Park ku Cape Maclear chinalembedwa ndi bungwe la UNESCO m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984 chifukwa cha mitundu ya nsomba zake.

Ngozi ikachitika

Alamu ikalira, kapena anthu awiri kapena kuposerapo akayamba kudandaula mutu ndi chizungulire nthawi imodzi, jenereta ndi injini zizimitsidwe, onse atulukire pamphepo, ndipo zitseko ndi mawindo zitsegulidwe. Wodwala atengeredwe kuchipatala ngakhale akuoneka kuti wapeza bwino, ndipo achipatala auzidwe kuti anapuma utsi wa injini, chifukwa thandizo lake ndi mpweya wa okosijeni.

Wosambira akamva kunyerenyetsa kapena kugwedeza m'thupi, asambire motalikira boti, osati molowera kumene kuli makwerero ake, ndipo akuwe kuti magetsi azimitsidwe. Amene ali m'boti asadumphire m'madzi kukapulumutsa mnzawo magetsi asanazimitsidwe. Amuponyere choyandamitsa ndi chingwe.

Moto ukabuka, mafuta atsekedwe, magetsi azimitsidwe, onse avale majekete oyandamitsa, ndipo moto wa mafuta usathiridwe madzi.

Malamulo ndi kofunsa

Kalembera ndi kuyendera maboti a pa nyanja ndi mitsinje ya dziko lino zili pansi pa lamulo la Inland Waters Shipping Act, ndipo ntchitoyi imagwiridwa ndi nthambi ya boma yoona za maulendo a pamadzi. Kuika jenereta kumafuna kuboola boti pansi pa madzi, kumasintha kulemera kwake, ndipo kumawonjezera mafuta ndi magetsi. Choncho eni maboti, makamaka onyamula alendo olipira, akulangizidwa kuonana ndi akuluakulu a nthambiyi ntchito isanayambe, komanso kudziwitsa kampani ya inshuwalansi ngati boti lili pa inshuwalansi. Ntchito ya magetsi ipatsidwe kwa mmisiri wokhala ndi chilolezo cha bungwe la MERA, ndipo ya injini ndi mapaipi kwa amene anaphunzira makina a m'madzi, monga amaphunzitsira pa sukulu ya Marine Training College ku Monkey Bay. Safunsa anadya phula. Ntchito ikatha, jenereta iyesedwe padoko kwa ola lathunthu, zipangizo zonse zili zoyatsa ndi alamu ili m'malo mwake, alendo asanakwere.